Cikwapu cinaletsedwa m'masukulu: nanga m'malo mwake taikamo ciani?

Mwana wa sukulu akavulaza mnzake, mphunzitsi wamkulu m'dziko lino la Zambia amakhala ndi njira zitatu zimene anazizolowera. Yoyamba ndi cikwapu, cimene malamulo analetsa kale ngakhale kuti m'maofesi ena cikali kuseri kwa kabati. Yaciwiri ndi kubweza mwanayo kunyumba, kaya kwa masabata ocepa kaya kum'cotseratu sukulu. Yacitatu ndi kuitana apolisi. Njira zitatu zonsezi zimayang'ana wolakwa yekha. Mwana womenyedwa uja amapita ku cipatala, amabwerako ndi bandeji, ndipo m'mawa mwake amakhala m'kalasi limodzi ndi anzake a amene anam'menya, popanda wom'funsa cimene iye akufuna kuti cicitike.

Pali njira yacinayi imene akatswiri a maphunziro ndi a malamulo akhala akuikambirana m'maiko ambiri. Pa Cingerezi amaicha restorative justice, ndipo m'cinenero cathu tingaiche cilungamo coyanjanitsa. Mfundo yake ndi yakuti wolakwa akumane ndi amene wam'lakwira pamaso pa anthu owasamalira onse awiri, amve kukula kwa cimene wawononga, ndipo agwirizane za momwe angakonzere. Malamulo athu okhudza ana anaivomereza kale njirayi kumbali ya apolisi ndi makhoti. Kumene yatsalira ndi ku masukulu, kumene ndewu zambiri za ana zimayambira.

Kuti timvetse pamene tafika, tibwerere ku caka ca 1999. M'caka cimeneco bwalo lalikulu la milandu mu Lusaka linagamula apilo ya a John Banda, amene bwalo laling'ono linalamula kuti akwapulidwe zikoti khumi atapezeka ndi mlandu wowononga katundu. Woweruza Chulu ananena kuti kukwapula munthu monga cilango n'kosemphana ndi gawo 15 la malamulo aakulu a dziko, limene limaletsa kuzunza munthu kapena kum'patsa cilango conyazitsa. Mu 2003 nyumba ya malamulo inacotsa cilango ca cikwapu m'malamulo angapo, kuphatikizapo lamulo la maphunziro.

Lamulo latsopano la maphunziro la mu 2011, pa gawo 28, linanena mosapita m'mbali kuti mphunzitsi kapena wanchito wina aliyense wa pa sukulu asamenye mwana kapena kum'patsa cilango conyazitsa. Wopezeka wolakwa angathe kulipitsidwa ndalama, kumangidwa kwa nthawi yosapitirira caka cimodzi, kapena zonse ziwiri. Kenaka mu August 2022 mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema anasaina lamulo lalikulu la ana, la Children's Code Act, limene linaletsa kumenya mwana monga cilango pena paliponse, ngakhale panyumba.

Aphunzitsi ambiri, makamaka acikulire, amadandaula kuti kucokera pamenepo manja awo anamangidwa. Akuti ana a masiku ano amadziwa ufulu wawo kuposa udindo wawo. Dandauloli sitingalitaye kunja ngati lopanda pake, cifukwa muli coonadi cina. Boma linalanda mphunzitsi cida cimene anaphunzitsidwa naco ali mwana, koma silinam'patse cina cogwira m'manja. Cotsatira cake n'cakuti ena akupitiriza kukwapula mobisa, ena asinthira ku zilango monga kukumbitsa maenje ndi kugwaditsa ana padzuwa, pamene ena angotaya mtima n'kumayang'ana kumbali ndewu ikabuka.

Komabe amene akufuna kuti cikwapu cibwerere ayenera kukumbukira kuti nkhanza m'masukulu sizinayambe mu 2003. Mcitidwe wozunza ana ongoyamba kumene sekondale, umene m'masukulu ogonera komweko umadziwika ndi dzina lakuti mocking, unali pacimake m'zaka zomwezo pamene cikwapu cinali cololedwa. Amene anaphunzira m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 amakumbukira kucapitsidwa zovala za akuluakulu, kulandidwa cakudya cocokera kunyumba ndi kudzutsidwa pakati pa usiku. Wozunzidwa caka cino ndiye anali kudzazunza ena caka camawa. Cikwapu ca mu ofesi sicinathetse zimenezi. Mwinanso cinali kuphunzitsa maprifekti kuti wamkulu amalankhula ndi ndodo.

Ziwerengero zikuonetsa kuti vutoli n'lalikulu. Kafukufuku wa nkhanza kwa ana amene anacitika m'dziko muno mu 2014 anapeza kuti mwa acinyamata a zaka 18 mpaka 24, pafupifupi mtsikana mmodzi mwa atatu aliwonse ndiponso anyamata awiri mwa asanu aliwonse anacitiridwapo nkhanza zomenyedwa asanakwanitse zaka 18. Ciwerengeroci cikuphatikiza za kunyumba ndi za m'mudzi, osati za kusukulu zokha. Lipoti la bungwe la UNESCO la mu 2019 linati pa dziko lonse mwana wa sukulu mmodzi mwa atatu amavutitsidwa ndi anzake kamodzi kapena kuposerapo pamwezi, ndipo m'maiko a mu Africa a kumwera kwa cipululu ca Sahara ciwerengeroco cimayandikira theka la ana onse.

Kucotsa mwana sukulu kumathetsa ciani?

Sukulu ikacotsa mwana wacipongwe, pabwalo pamakhala bata kwa kanthawi, ndipo makolo a ana ena amaona kuti akuluakulu acitapo kanthu. Koma mwanayo samacoka m'dziko. Ngati makolo ake ali ndi ndalama, amam'pezera malo pa sukulu ina, kumene amafika ndi khalidwe lomwelo ndipo palibe wodziwa mbiri yake. Ngati ndi wa m'komboni ndipo kunyumba kulibe kanthu, amakakhala pa msika kapena pa siteshoni ya mabasi. Kumeneko magulu a acinyamata amene anthu a mu Lusaka amawacha majunkies amam'landira ndi manja awiri. Mwana amene anam'menya uja amakumana nayebe panjira yopita kusukulu, koma tsopano palibe mphunzitsi woyang'anira.

Dziko la America linayesa njira yokhwimitsa zilango kwa zaka zambiri. Lamulo la mu 1994 linakakamiza masukulu kucotsa kwa caka cathunthu mwana aliyense wobwera ndi mfuti, ndipo pambuyo pa kuphedwa kwa ana pa sukulu ya Columbine mu 1999, masukulu ambiri anayamba kubweza ana kunyumba ngakhale pa zolakwa zazing'ono. Mu 2008 bungwe la akatswiri a za maganizo la American Psychological Association linafalitsa lipoti lonena kuti panalibe umboni wakuti njira imeneyi inacititsa masukulu kukhala otetezeka. Cimene cinaoneka poyera n'cakuti ana acikuda ndi ana olumala ndiwo anali kucotsedwa kwambiri. N'cifukwa cake mizinda monga Oakland, Denver ndi Chicago inayamba kuyesa cilungamo coyanjanitsa.

Nanga njirayi imayenda bwanji? Tiyerekeze kuti pa sukulu yogonera komweko, prifekti wa m'kalasi lomaliza wathyola dzanja la mwana wongoyamba kumene cifukwa anakana kum'capira malaya. Cinthu coyamba ndi cipatala ndi kulekanitsa awiriwo. Pambuyo pake mphunzitsi wophunzitsidwa nchito yoyanjanitsa amakumana ndi aliyense payekha. Wolakwayo ayenera kuvomera kuti anacitadi zimenezo. Akakana, nkhaniyo imapita ku komiti ya mwambo monga mwa masiku onse, cifukwa msonkhano woyanjanitsa si bwalo lofufuzira amene akunama. Wovulazidwayo amafunsidwa ngati akufuna kukumana ndi mnzakeyo, ndipo ali ndi ufulu wonse wokana.

Onse akavomera, pamaitanidwa makolo kapena owalera a mbali zonse ziwiri, ndiponso mnzake wapamtima wa aliyense. Amakhala mozungulira, popanda tebulo la ofesi pakati. Wolakwa amayamba kufotokoza cimene cinacitika ndi cimene anali kuganiza pa nthawiyo. Kenaka wovulazidwa amafotokoza momwe zam'khudzira: ululu, mantha ogona m'cipinda cimodzi ndi akuluakulu, mayeso amene sadzatha kulemba. Mayi wake amanena za ndalama za ulendo wocokera kumudzi ndi masiku amene wasiya munda. Nawo makolo a wolakwa amalankhula, ndipo nthawi zambiri apa ndi pamene mnyamata woumitsa khosi uja amayamba kuwerama.

Pomaliza onse amagwirizana cocita, ndipo cimalembedwa ndi kusainidwa. M'citsanzo cathu cingakhale cakuti banja la wolakwa libweze ndalama za cipatala ndi za ulendo, mnyamatayo atule udindo wa uprifekti, asamutsidwire ku cipinda cina cogona, azikopera mnzakeyo manotsi mpaka dzanja litapola, ndipo azionana ndi mphunzitsi wa uphungu sabata iliyonse kwa temu yonse. Pamaikidwanso tsiku lodzaona ngati zonsezi zacitika. Zikapanda kucitika, cilango ca masiku onse cimagwira nchito. Mbali yomalizayi ndi imene masukulu ambiri amaiiwala, ndipo ikaiwalika msonkhano wonse umasanduka sewero.

Anthu ena amati uku n'kulekerera ana. Koma aliyense amene anapitako ku sukulu ya anyamata akudziwa kuti panali ena amene anali kukonda cikwapu kuposa cilango cina ciliconse. Zikoti zitatu zinali kutha m'mphindi imodzi, ndipo wokwapulidwa anali kutuluka mu ofesi akumwetulira, n'kukadzitama kwa anzake kuti sanagwetse msozi. Kukhala maola awiri moyang'anizana ndi mayi wa mwana amene wam'vulaza, amalume ako akumvetsera, kulibe cokadzitama naco.

M'maiko a azungu njirayi amati inayamba mu 1974 m'tauni ya Elmira, m'cigawo ca Ontario ku Canada. Anyamata awiri oledzera anawononga katundu pa malo 22 usiku umodzi. Wanchito woyang'anira olakwa, a Mark Yantzi, anapempha woweruza kuti anyamatawo akagogode pakhomo pa aliyense amene anam'wonongera katundu, akapepese ndi kubweza zowonongekazo, ndipo woweruza anavomera. Mu 1989 dziko la New Zealand linakhazikitsa lamulo lakuti milandu yambiri ya ana iziyamba yakambidwa pa msonkhano wa mabanja, mfundo imene inatengera mbali ina ya miyambo ya Amaori. Mu 1994 njirayi inalowa m'masukulu a m'cigawo ca Queensland ku Australia, ndipo kucokera kumeneko inafalikira ku Britain ndi ku America.

Kwa munthu wa ku Katete, ku Chadiza kapena ku Petauke, zambiri mwa izi si zacilendo. Ana akavulazana m'mudzi, nkhani imapita ku bwalo la mfumu. Mwana sabwera yekha, pakuti pa mwambo wa Acewa amalume ndiwo amayankha mlandu wa mphwawo. Mbali zonse zimamvedwa, nduna zimafunsa mafunso, ndipo wolakwa amalipa nkhuku kapena mbuzi kwa wolakwiridwa, osati ku thumba la boma. Colinga cimakhala cakuti mabanja awiriwo apitirize kutunga madzi pa citsime cimodzi. Akuluakulu amati mlandu suola, kutanthauza kuti nkhani yosakambidwa imadzabukanso. Sukulu nayo ili ngati mudzi: ana amene amenyana lero adzadyera m'holo imodzi kwa zaka zinayi.

Ngakhale malamulo olembedwa ali ndi malo a ciyanjano. Gawo 8 la lamulo la kayendetsedwe ka milandu ya upandu limalola bwalo la majisitireti kulimbikitsa kuyanjana ndi kulipirana pa milandu ya kumenyana imene si yaikulu. Mu 2018 boma linakhazikitsa ndondomeko yopatutsira ana olakwa kucoka ku makhoti, ndipo lamulo la ana la mu 2022 linaika njira zimenezi m'malamulo, kuphatikizapo cenjezo, kuyanjanitsa ndi msonkhano wa mabanja. Lamulo lomweli linakweza msinkhu umene mwana angaimbidwe mlandu kucoka pa zaka 8 kufika pa zaka 12. Motero pali cinthu codabwitsa. Mwana amene wamenya mnzake pamsewu angapatsidwe mwayi wokonza colakwa cake kudzera mwa apolisi, pamene amene wamenya mnzake m'kalasi angangopatsidwa kalata yom'cotsa sukulu.

Umboni ukuti ciani?

Apa m'pofunika kunena zoona zokhazokha, cifukwa olimbikitsa njirayi nthawi zina amaikometsera mopitirira. Kafukufuku wodalirika alipo, ndipo zotsatira zake n'zosakanikirana.

Mu mzinda wa Pittsburgh ku America, bungwe la RAND linatsatira masukulu 44 kwa zaka ziwiri. Theka la masukuluwo linasankhidwa mwamaere kuti ligwiritse nchito njira yoyanjanitsa, ndipo theka lina linapitiriza monga kale. Lipoti la mu 2018 linapeza kuti masiku amene ana anataya cifukwa cobwezedwa kunyumba anacepa ndi 16 pa 100 alionse, ndipo aphunzitsi anati pasukulu panali mtendere kuposa kale. Koma kubweza ana cifukwa ca ndewu kapena zida sikunacepe, kumangidwa kwa ana ndi apolisi sikunasinthe, ndipo ana a giredi 6 mpaka 8 anatsika m'maphunziro.

Ku England, kafukufuku wa masukulu a sekondale 40 amene anafalitsidwa mu 2018 m'magazini ya zaumoyo ya The Lancet anapeza kuti patapita zaka zitatu kuvutitsana kunacepa pang'ono, ndipo ana osuta fodya, oledzera ndi ogwidwa ndi apolisi anacepanso. Koma pa muyeso wa khalidwe laukali panalibe kusiyana. Ku Chicago zotsatira zinali zolimbikitsa kwambiri. Ofufuza a pa yunivesite ya Chicago ananena mu 2023 kuti m'masukulu a sekondale amene anatenga njirayi, kubweza ana kunyumba kunacepa ndi 18 pa 100, kumangidwa kwa ana pasukulu kunacepa ndi 35 pa 100, ndipo kumangidwa kwawo kunja kwa sukulu kunacepa ndi 15 pa 100. Ciwerengero comalizaci n'cofunika, cifukwa wapolisi wa pamsewu sadziwa ndondomeko ya sukulu. Ngati ana akugwidwa mocepa ngakhale kunja, ndiye kuti khalidwe lenilenilo lasintha.

Tikaika zonsezi pamodzi, tikuona kuti njirayi imathandiza kusunga ana m'sukulu ndi kucepetsa kuvutitsana kwa tsiku ndi tsiku, koma siithetsa ciwawa cacikulu m'temu imodzi. Ku England phindu linaoneka m'caka cacitatu. Tikuonanso kuti kumene aphunzitsi anangouzidwa kuti aleke kubweza ana, popanda munthu wapadera wowathandiza, makalasi anavutika. Ndipo masukulu onsewa anali ndi ana ocepa m'kalasi kuyerekeza ndi athu.

Pamenepa ndi pamene pagona vuto la dziko lathu. Mu January 2022 boma linayambitsa maphunziro aulere mpaka kumapeto kwa sekondale, ndipo linanena kuti ana oposa 2 miliyoni analowa kapena kubwerera m'sukulu. Ici n'cinthu cabwino. M'caka comweco boma linalemba nchito aphunzitsi oposa 30,000. Komabe m'makomboni a Lusaka ndi m'madera ena makalasi a ana 80 kapena 100 si acilendo. Mphunzitsi wa uphungu alipo m'masukulu ambiri, koma kawirikawiri amakhala ndi makalasi ake ophunzitsa, ndipo nthawi yake yotsala imathera pa kulembetsa mayeso ndi kusunga zikalata za zotsatira. Msonkhano umodzi woyanjanitsa, kuphatikizapo kukonzekera ndi kulondola pambuyo pake, umadya maola ambiri. Kulemba kalata yocotsa mwana kumatenga mphindi khumi. Mphunzitsi wamkulu wotopa akasankha kalata, tisafulumire kum'nena.

Pali nkhani inanso imene masukulu athu amaidziwa bwino, ya zipolowe za ana. Nthawi zambiri zimayamba ndi dandaulo laling'ono: nyemba zofumbwa, magetsi, madzi, kuletsedwa kwa masewero. Ana akaswa mawindo, cizolowezi ndi kutseka sukulu, kucotsa amene akuganiziridwa kuti ndi atsogoleri, ndi kulipiritsa kholo lililonse ndalama zofanana. Mwana amene anabisala pansi pa bedi usiku wonse amalipira cimodzimodzi ndi amene anaponya mwala, ndipo dandaulo la nyemba silimvedwa. Dziko la Kenya likuticenjeza kumene mkwiyo wosamvedwa ungafike. Mu March 2001 anyamata 67 anafa pa sukulu ya Kyanguli ku Machakos pamene ophunzira anzawo anatentha cipinda cogona, ndipo mu 2016 masukulu oposa 100 anatenthedwa m'miyezi yocepa. M'masukulu amene amatsata cilungamo coyanjanitsa, ana ndi aphunzitsi amakhala mozungulira nthawi ndi nthawi ngakhale palibe mlandu, kuti madandaulo otere atuluke mwala usanaponyedwe.

Pamene ciyanjano ciyenera kulekezera

Bwalo la kumudzi lili ndi nzeru, koma lili ndi zilema zimene sitiyenera kuzitengera kusukulu. Pa bwalo mwana salankhula kwambiri, amam'lankhulira akuluakulu. Banja lochuka limamvedwa kuposa la mkazi wamasiye. Ndipo kawirikawiri mtendere wa mudzi umaikidwa patsogolo pa kupweteka kwa munthu mmodzi. Ngati msonkhano wa pasukulu ungakhale wakuti mphunzitsi wamkulu, wapampando wa komiti ya makolo ndi abusa aumirize mwana wovulazidwa kuti akhululuke kuti dzina la sukulu lisaipe, ndiye kuti mwanayo wavulazidwa kaciwiri. Kukhululuka si mbali ya mgwirizano. Wolakwa ali ndi udindo wokonza, koma wolakwiridwa alibe ngongole ya cikhululukiro, ndipo sayenera kukakamizidwa kugwirana canza pamaso pa anthu.

Coopsa kwambiri cili pa milandu ya kugwirira ndi kugona ana. Tonse tikudziwa mcitidwe wakuti mabanja akambirane panyumba, alipirane dameji, ndipo nkhani ithere pomwepo. Apolisi a nthambi ya Victim Support Unit akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti milandu yotere imacotsedwa mboni zitanyengereredwa. Kucokera mu 2005 lamulo limati wogona mwana wosakwana zaka 16 amangidwe zaka zosacepera 15. Palibe mphunzitsi, mfumu kapena komiti imene ili ndi mphamvu yothetsa mlandu wotere mozungulira mipando.

Mu 2008 bwalo lalikulu mu Lusaka linapereka cigamulo cimene mphunzitsi wamkulu aliyense ayenera kucidziwa. Mtsikana amene anagwiriridwa ndi mphunzitsi wake ali ndi zaka 13 anasumira mphunzitsiyo, sukulu ndi unduna wa maphunziro. Woweruza Phillip Musonda analamula kuti alipidwe K45 miliyoni, m'ndalama za nthawi imeneyo, ndipo anati sukulu inalephera udindo wake woteteza mwana. Tanthauzo lake n'lakuti sukulu imene imabisa nkhanza m'dzina la kukambirana ingathe kuyankha mlandu iyo yomwe.

Cimodzimodzinso pamene wolakwa ndi mphunzitsi. Mwana wa zaka 14 sangakhale moyang'anizana ndi munthu amene adzaconga mayeso ake n'kulankhula momasuka. Nkhani zotere zili ndi njira yake, ku unduna, ku bungwe la Teaching Council of Zambia limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2013, ndi ku polisi. Ndipo pamene pagwiritsidwa nchito mpeni, kapena wolakwa wabwereza kangapo, kum'cotsa pakati pa anzake kwa kanthawi n'koyenera. Msonkhano woyanjanitsa ungabwere pambuyo pake, monga khomo lobwererera m'kalasi, ana ena atatetezedwa kale.

Malire amenewa sangasiyidwe kwa mphunzitsi wamkulu aliyense kuti adziikire yekha. Unduna wa maphunziro ndiwo uyenera kulemba momveka kuti ndi milandu iti ingapite ku msonkhano woyanjanitsa, ndi iti iyenera kupita ku polisi tsiku lomwelo, ndipo malangizowo akhale m'zinenero zimene makolo amamva. Makoleji a aphunzitsi monga ya Chipata ndi ya David Livingstone angaphunzitse luso loyendetsa misonkhano yotere kwa aphunzitsi atsopano, m'malo modikira maphunziro a masiku atatu a mabungwe akunja amene amatha ndalama zikatha. Mwana amene akuona kuti akukakamizidwa kukhala cete ali ndi nambala yaulere ya 116, ndipo nambalayi iyenera kulembedwa pa khoma la sukulu iliyonse.

Sikofunika kuyamba dziko lonse nthawi imodzi. Unduna ungasankhe masukulu ocepa m'maboma angapo, ena a m'tauni ena a kumudzi, ena ogonera komweko ena oyendera, n'kuwayerekeza ndi masukulu ofanana nawo kwa zaka zitatu monga anacitira ku England. Aziwerenga ndewu, ana obwezedwa kunyumba, ana osiya sukulu ndi zotsatira za mayeso, komanso azifunsa ovulazidwa ngati anakhutira. Koma pa masukulu amenewo mphunzitsi wa uphungu ayenera kucepetseredwa makalasi ndi kupatsidwa cipinda cotseka citseko. Zimenezi zikutanthauza mphunzitsi wina wolowa m'malo mwake pa ndandanda ya maphunziro, ndipo malipiro a mphunzitsi ameneyo ayenera kuoneka mu bajeti imene nduna ya zacuma imapereka ku nyumba ya malamulo.